Mkono wa amayi watupa pambuyo pa opaleshoni ya bere: kodi chakudya, madzi ndi kuugwiritsa ntchito zingathandize?

Nachisale, Lunzu

Ndikupempha nzeru kwa amene nkhani iyi amaidziwa, kaya chifukwa cha ntchito yawo, kaya chifukwa chakuti anadwazikapo munthu. Amayi anga ali ndi zaka 58, ndipo chaka chatha anawachita opaleshoni yochotsa bere la kumanzere chifukwa cha khansa. Pa opaleshoni yomweyo madokotala anachotsanso anabere angapo a kukhwapa, ndipo anatiuza kuti atero pofuna kuona ngati matenda anali atafika kumeneko. Bala linapola bwinobwino, mankhwala onse anamaliza, ndipo ife tinayamba kuyamika Mulungu poganiza kuti za chipatala zatha.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri, mphete yawo ya ukwati inayamba kuthina mpaka tinachita kuivula ndi sopo. Posakhalitsa dzanja la bulauzi yawo yoyera ya mvano linayamba kukana kumanzere, pamene kumanja likulowa monga kale. Mkonowo supweteka kwenikweni, koma iwo amati umalemera ngati anyamula ndowa, ndipo madzulo umakhala waukulu kuposa m'mawa.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi kuchuluka kwa malangizo. Azakhali akuti amayi achepetse kumwa madzi, popeza madziwo ndi amene akuthamangira kumkono. Mayi wina wa pafupi nafe akugulitsa tiyi amene akuti amatsuka mitsempha ya limfu m'masabata awiri, ndipo mtengo wake ndi woti munthu apume kaye asanatulutse ndalama. Amalume atchula za kutemera mphini. Amayi eni ake aleka kugwiritsa ntchito mkonowo, amaupachika pachitenje chomanga m'khosi tsiku lonse, ndipo ngakhale kusenda nyemba akukana poopa kuti uwonjezereka. Kodi pa zonsezi choona ndi chiti? Kodi pali chakudya chimene chingaphwetse mkonowu, nanga madzi azimwa kapena achepetse, nanga mkono wotupa uyenera kupumula kapena kugwira ntchito?

Wa mafizo, Zomba

A Nachisale, pepani ndi matenda, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagule kanthu. Ndisanafike ku mafunso anu atatuwo, ndikupempheni kuti amayi apite kaye kuchipatala chimene amakaonedwako, akawaonetse mkonowo sabata ino. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi kutupa kumene kumabwera anabere akachotsedwa, kumene achipatala amati lymphoedema, ndipo kumagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi asanu alionse amene alandira chithandizo cha khansa ya m'mawere. Komabe mkono ungathe kutupanso chifukwa cha magazi oundana mumtsempha, kapena chifukwa chakuti khansa yabwereranso kukhwapa, ndipo zinthu ziwirizi palibe angazisiyanitse pongowerenga uthenga pafoni.

Kuti mumvetse chifukwa chake chitenje chija chiyenera kuchoka m'khosi, ndifotokoze pang'ono mmene thupi limayendetsera madzi amenewa. Magazi akafika m'timitsempha tating'ono kwambiri, madzi ena amatuluka n'kulowa m'mipata ya mnofu, ndipo amatuluka pamodzi ndi mapuloteni. Madzi amenewo akangokhala pomwepo munthu angatupe thupi lonse, choncho pali mitsempha ina yapadera, yosiyana ndi ya magazi, imene ntchito yake ndi kuwatola. Madziwo akalowa m'mitsempha imeneyi ndiye timawatcha limfu. Panjira amadutsa m'anabere, amene alipo oposa 500 m'thupi la munthu, ambiri ali m'khosi, kukhwapa, m'mphechepeche, m'chifuwa ndi m'mimba. M'menemo muli maselo oyera a magazi amene amagwira tizilombo, n'chifukwa chake munthu akakhala ndi chilonda kuphazi amatupa mwanabere m'mphechepeche. Pomaliza limfu yense amakathira m'mitsempha ikuluikulu ya magazi imene ili m'munsi mwa khosi, ndipo patsiku amabwerera m'magazi malita oposa awiri.

Magazi ali ndi mtima wowapopa, koma limfu alibe. Mitsempha yake imadzifinya yokha pang'onopang'ono, ndipo mkati mwake muli titseko tolola madzi kupita mbali imodzi yokha, koma mphamvu ina yambiri imachokeranso ku minofu imene imaifinya munthu akamasuntha, ndiponso ku chifuwa akamakoka mpweya. Ganizani za ngalande za m'sikimu ya mpunga: ngalande yaikulu ikatsekeka, madzi angathe kuyendabe m'tingalande ta m'mbali, malinga ngati pali chowakankha. Opaleshoni inachotsa njira yaikulu ya kukhwapa, ndipo zotsalazo ndi tinjira tating'ono. Mkono wopachikidwa pachitenje tsiku lonse ulibe chokankha madzi, chigongono chapindika, phewa likuuma, ndiye kutupako kumangoonjezeka.

Amayi sakulakwa poopa, chifukwa kale ngakhale achipatala ankalangiza kuti mkono wotere usanyamule kanthu. Maganizo amenewo anasintha makamaka pambuyo pa kafukufuku amene Kathryn Schmitz ndi anzake a ku University of Pennsylvania anasindikiza mu 2009. Anatenga amayi 141 otupa mkono chifukwa cha khansa ya m'mawere, theka n'kumanyamula zitsulo kawiri pasabata kwa chaka chathunthu, kuyambira pa zopepuka n'kumaonjezera pang'onopang'ono atavala chothina chamkono, theka lina osanyamula. Onyamulawo mikono yawo sinatupe kuposa ya anzawo, anapeza mphamvu, ndipo kutupa kodzidzimutsa kunawachitikira mochepa. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti pang'onopang'ono.

Achipatala akavomereza kuti si magazi oundana, amayi ayambe motere kawiri kapena katatu patsiku. Akhale pampando, akoke mpweya wambiri mpaka mimba itukuke, n'kuutulutsa mosafulumira, kasanu. Azungulize mapewa kutsogolo ndi kumbuyo. Aimirire moyang'ana khoma n'kumakwera khomalo ndi zala mpaka pamene afika popanda kuwawa. Kenako atsamiritse mkono papilo, dzanja likhale pamwamba kuposa phewa, n'kumafumbata ndi kufumbatula kakhumi, kapena kufinya sokosi yokulungidwa. Kusenda nyemba, kusadzula masamba, kutsuka mbale, kupesa tsitsi, zonsezi ndi mankhwala ndithu ndipo aziyambirenso. Zosinja mumtondo ndi kukweza chigubu cha malita 20 ndi mkono umenewo zidikire kaye. Aziyendanso ndawala tsiku lililonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pasabata, kumene kuli ngati theka la ola masiku asanu, ndipo angathe kuyambira pa mphindi khumi.

Bwerekani tepi ya atelala, muziyeza mikono yonse iwiri kamodzi pasabata, m'mawa, pamalo omwewo nthawi zonse: padzanja, pamfundo ya dzanja, m'munsi mwa chigongono ndi pamwamba pake, n'kumalemba m'kope. Kope limenelo lidzathandiza a mafizo kuposa mawu akuti zikukhala ngati zachepa. Ku zipatala zikuluzikulu kuli madipatimenti a mafizo, ndipo mukapemphe kuti akutumizeniko, akaone ngati amayi akufunika kumangidwa mabandeji kapena kuvala chothina chamkono choyezedwa bwino. Musawamange nokha ndi lamba kapena mpira, chifukwa chomanga chothina malo amodzi chimatsekereza madzi kudzanja.

Atate a Chisomo, Nsanje

Ine si wachipatala, koma ndinadwazika bambo anga zaka zambiri ndi mwendo wotupa, choncho ndilankhulepo pa zimene ndinaona ndi maso. Kwathu kuno ku Chigwa cha Shire matenda otupitsa miyendo ndi phudzi tinakula tikuwaona, ndipo tinkati ndi zolodzedwa kapena kuponda mankhwala panjira. Alangizi a zaumoyo ndiwo anatiuza kuti chimayambitsa ndi tinyongolotsi timene udzudzu umafalitsa, ndipo timakakhala zaka m'mitsempha ya limfu yomweyi n'kuiononga. Kuyambira mu 2008 boma linayamba kugawa mapiritsi a ivermectin ndi albendazole kamodzi pachaka, ndipo mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi wathana ndi matendawa monga vuto la anthu ambiri, kukhala dziko lachiwiri kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara pambuyo pa Togo. Koma mapiritsiwo ankateteza amene anali asanaonongeke. Mwendo wa bambo unali utatupa kale ndipo sunabwerere.

Ndikudziwa kuti chiyambi cha matenda a bambo ndi cha amayi anu n'chosiyana, koma mitsempha yoonongeka ndi imodzimodzi, ndipo chimene ndikufuna kuonjezera pa zimene a mafizo anenazi ndi khungu. Kwa ine khungu ndilo loyamba, chakudya chibwere pambuyo. Chiwalo chotupa chotere chilibe chitetezo chokwanira, chifukwa anabere amene akanagwira tizilombo ndi amene aonongekawo, ndiye kabala kakang'ono koti munthu wina sangakaone n'komwe kamabweretsa matenda aakulu. Bambo ankati akangokhala ndi linyetsu pakati pa zala kapena mng'alu kuchidendene, patapita masiku awiri mwendo unkafiira, kutentha ngati mbaula, iwo n'kumanjenjemera atafunda mabulangete awiri mwezi wa Okutobala, kuno kotentha. Ankagona sabata yathunthu, khungu n'kusupuka, ndipo nthawi iliyonse zikatero mwendo unkatsala waukulu ndi wolimba kuposa kale.

Za mphini ndikupemphani ndi mtima wonse kuti mukambirane ndi amalume mwaulemu, koma musalole. Ife tinalola kamodzi. Anawatema mphini zisanu ndi imodzi pakatumba ndi lezala, anapakamo mankhwala akuda, ndipo mabalawo anakhala akuchucha madzi oyera mwezi wathunthu, nsalu iliyonse yomanga inkanyowa pasanathe ola. Pamapeto pake tinawanyamula panjinga kupita kuchipatala ali chikomokere ndi kutentha thupi. Mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti ndinali pomwepo ndikugwira mwendowo.

Chimene chinasintha zinthu n'chosavuta moti poyamba ndinachipeputsa. Mlangizi anatiphunzitsa kutsuka mwendo tsiku lililonse ndi sopo wamba ndi madzi oyera osatentha, kupukuta modekha ndi kansalu kofewa mpaka m'makwinya ndi pakati pa zala, kuyang'ana ngati pali bala, kupaka mafuta pamene pauma, kuvala nsapato, kusanjika mwendo pamwamba pokhala ndi pogona, ndi kumaimirira ndi zala n'kutsika kangapo patsiku. Zoti bambo agone ndi malungo a mwendo zinachoka pa kanayi kapena kasanu pachaka kufika mwina kamodzi. Kwa amayi anu ndiye kuti asamale ndi mpeni posenda, minga ya m'dimba, moto wa pambaula, mafuta othovoka pokazinga, ndi udzudzu, ndipo azigona m'neti. Asathowe mkonowo ndi madzi otentha. Tsiku limene mudzaone mkono wafiira, watentha, ukupweteka, kapena iwo akuzizidwa, musadikire kuti kuche kawiri, chifukwa pamenepo pamafunika mankhwala opha mabakiteriya tsiku lomwelo.

Mayi Nambewe, mlangizi wa kadyedwe, Lilongwe

Achemwali a Nachisale, ndiyankhe mbali ya chakudya ndi madzi, ndipo ndiyambe ndi tiyi uja. Palibe chakudya, tiyi kapena chakumwa chilichonse chimene chimatsuka limfu, ndipo palibe chimene chingameretse anabere amene anachotsedwa. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo zimaigwira usana ndi usiku popanda kulipidwa. Ambiri mwa matiyi otere amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, munthu n'kupepukidwa masiku awiri n'kumati mankhwala agwira, pamene wangotaya madzi ndi mchere wa m'thupi. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti amayi ambiri amene anachitidwa opaleshoni ya bere amakhala akumwa mapiritsi monga tamoxifen kwa zaka zisanu kapena kuposerapo, ndipo zitsamba zina zimasokoneza mmene mankhwala amagwirira ntchito. Ndalama ya tiyiyo isungeni, idzakuthandizani pa thiransipoti yopita ku mafizo.

Azakhali maganizo awo akumveka, koma si mmene thupi limachitira. Madzi amene ali mumkonomo sakukhalamo chifukwa chakuti amayi amwa ambiri, koma chifukwa chakuti njira yotulukira yachepa, ndipo mapuloteni amene atsalira m'mnofu amakoka madzi n'kuwasunga. Munthu akadzimana madzi, mkono umakhalabe wotupa, koma iye amayamba kumva mutu, chizungulire, kudzimbidwa, ndipo impso zimavutika. Komanso ndisakunamizeni kuti kumwa madzi ambirimbiri kungakokolole kutupako, monga ena amalembera pa Facebook. Amayi azimwa monga munthu aliyense wamkulu, makapu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu patsiku, kuonjezera nyengo yotentha, ndipo chizindikiro chabwino ndi mkodzo: ukakhala woyererako ndiye kuti akumwa mokwanira, ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti aonjezere. Okhawo amene adokotala awauza kuti ali ndi vuto la mtima kapena impso ndi amene amapatsidwa muyeso wa madzi.

Pali cholakwika china chimene ndimakumana nacho kawirikawiri. Munthu akamva kuti madzi a mumkono ali ndi mapuloteni ambiri, amaganiza zosiya nyemba, mazira ndi nsomba. Kutero n'kudzionjezera vuto, chifukwa mapuloteni akachepa m'magazi madzi amatuluka m'mitsempha mosavuta, monga timaonera ana otupikana chifukwa cha kunyentchera. Munthu amene wadutsa m'mankhwala a khansa amafunika usipa, matemba, nyemba, nandolo, khobwe, soya, mazira ndi nsinjiro kuti mnofu ubwerere, ndipo mnofu womwewo ndi umene a mafizo akuti umakankha limfu.

Pamene chakudya chimakhudzadi matendawa ndi pa kulemera kwa thupi. Kunenepa kwambiri ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zimene zimachititsa kuti mkono utupe pambuyo pa opaleshoni, ndiponso kuti kutupako kuvute kuchepetsa, popeza mafuta amapanikiza timitsempha totsalato, ndipo limfu akakhalitsa malo amodzi amachititsanso kuti mafuta aunjikane pomwepo. Nkhani imeneyi ndi yovuta kuikamba m'banja, chifukwa munthu akadwala khansa n'kuonda, tonse timasangalala akayamba kunenepa, ndipo alendo odzazonda amabwera ndi zakumwa zotsekemera, mabisiketi ndi mandasi posonyeza chikondi. Ngati amayi ndi a thupi lalikulu, kutsitsako makilogalamu ochepa pang'onopang'ono kumathandiza. Ngati ndi ochepa thupi kapena akuonda okha popanda chifukwa, musawamane chakudya, koma mukawauze adokotala.

Pa mbale ya tsiku ndi tsiku sindikuuzani zachilendo, koma magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa kusikelo. Nsima ikhale ya mgaiwa kawirikawiri, mitanda ichepeko, ndiwo zamasamba zichuluke: bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, mpiru, zotendera bwino. Zipatso zikhale za nyengo yake, mango, magwafa, mapapaya, masuku, malalanje, ndipo WHO imati masamba ndi zipatso pamodzi zifike magalamu 400 patsiku. Mafuta asachotsedwe onse. Mwina simukudziwa kuti mafuta a m'chakudya, pamodzi ndi mavitamini A, D, E ndi K, amachoka m'matumbo kudzera m'mitsempha ya limfu yomweyi.  Koma mitsempha imeneyo ndi ya m'mimba, yosakhudzana ndi kukhwapa kwa amayi, choncho supuni ya mafuta m'ndiwo kapena kagawo ka peyala sikatupitsa mkono.

Mchere ndiwo ndingati achepetse, osapitirira magalamu 5 patsiku, imene ndi supuni yaing'ono yosadzaza, kuwerengera ndi wa m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'nsomba zouma za mchere ndi m'tchipisi. Kuchepetsa mchere pakokha sikuchiza mkono wotere, koma mchere wambiri umasungitsa madzi m'thupi lonse ndi kukweza BP, ndipo pa msinkhu wa amayi zimenezo n'zofunika kuzipewa.

Nachisale, Lunzu

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo tinapita kuchipatala, anawaunika kukhwapa ndi m'mitsempha ya mkono, ndipo anati magazi sanaundane ndiponso sanapeze chotupa chatsopano. Atilembera kalata yopita ku mafizo Lachinayi. Uthenga wa atate a Chisomo ndinawawerengera amalume mawu ndi mawu, ndipo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati nkhani ya mphini ithe. Tepi ndabwereka, ndipo pamwamba pa chigongono mkono wa kumanzere ukuposa wa kumanja ndi masentimita 3.

Ndili ndi mafunso ena awiri. Mnzawo wa amayi wa ku mvano, amene amatupa mapazi chifukwa cha mtima, wawapatsa mapiritsi ake okodzetsa kuti ayeseko, ndipo ndawasunga kaye ine. Kodi angathandize? Chachiwiri, mwezi wamawa akufuna kupita kumudzi ku Ntcheu kukaona munda, ndipo ndikuopa ulendo wa basi ndi ntchito ya khasu.

Wa mafizo, Zomba

Nkhani yabwino imeneyo, a Nachisale. Kusiyana kwa masentimita 3, mkono ukadali wofewa ndipo ukumaphwako usiku, kukusonyeza kuti mwaupeza msanga, pa nthawi imene mabandeji ndi zolimbitsa thupi zimathandiza kwambiri. Ndisakulonjezeni kuti udzachira n'kuiwalika, chifukwa vutoli limafuna kusamalidwa moyo wonse, koma amayi ambiri amene ayamba chithandizo msanga chonchi amabwerera ku zovala zawo ndi ntchito zawo.

Mapiritsi aja muwabweze kwa mwini wake. Mnzawoyo amatupa chifukwa mtima ukulephera kupopa, ndipo kwa iye mankhwalawo ndi oyenera. Kwa amayi angachotse madzi m'magazi n'kusiya mapuloteni ali mumkono momwemo, ndipo angawagwetse BP ndi kuwasokoneza mchere wa m'magazi. Polankhula za BP, akamakayezetsa kapena kubayitsa jakisoni azipereka mkono wa kumanja ngati n'kotheka, ndipo azinena okha asanafunsidwe.

Ku Ntcheu apite, musawaletse. M'basi akhale mbali imene mkono wa kumanzere sungapanikizidwe ndi katundu kapena munthu, chikwama asachipachike paphewa limenelo, azifumbata ndi kufumbatula dzanja panjira, atenge botolo la madzi, ndipo ngati a mafizo adzakhale atawapatsa chothina chamkono achivale ulendo wonse. Kumunda ayambe ndi kubzala ndi kuzulira udzu atavala malaya a manja aatali ndi magolovesi, m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo khasu aligwire mphindi khumi zokha tsiku loyamba, ayeze mkono m'mawa mwake, akaona kuti sunakule aonjezere mphindi zisanu. M'chikwama muwaikire sopo, mafuta odzola, mankhwala otsukira bala, tepi ndi kope lija, ndipo mufunsiretu kuti chipatala chapafupi ndi mudziwo chili pati, kuti mkono ukadzafiira asadzayambe ulendo wobwerera ku Blantyre asanalandire mankhwala. Mphete ija aivale kudzanja la kumanja mpaka a mafizo adzaone kuti chala chaphwa.